Nyama Yopanda Fupa ya aMbewe

Katerina Nachisale wa ku Mtakataka anakwatiwa kamodzi kokha, koma mwamuna wake anachita kumuphunzira kawiri.

Koyamba anali Yakobo Mbewe, mnyamata wowonda wa ku Golomoti, amene anabwera kudzakhala pachikamwini kwawo kwa Katerina. Anamanga kanyumba pafupi ndi ka apongozi ake, aNankhoma, nalima thonje mvula ziwiri. Kenaka msonkho unamulondola mpaka pakhomo, ndipo m'mawa wina anakwera sitima kupita ku Halale. Mwana wawo Elizabeth anali adakali kumsana.

Zaka zinapita. Mwa apo ndi apo munthu wochokera kumeneko ankabwera ndi bulangete kapena kansalu, n'kunena kuti, "Amuna anu ali bwino, ndi khuki wa mzungu." Kupitirira apo, zii. Anthu anayamba kumutcha mtchona, ndipo ena anauza Katerina kuti angokwatiwa kwina. Iye ankangopukusa mutu. Ukwati wake unali wa mphete, wodalitsidwa ku Mua, komanso analibe nthawi yoganiza za amuna. Ankalima thonje kumunda ndi mpunga kudimba, ndipo sitima ikaima pasiteshoni ankathamanga ndi nsengwa ya nthochi pamutu kukagulitsa m'mawindo. Njala ya mu 1949 inamupeza ali ndi mwana ndi nkhalamba basi. Anakumba mizu, anapuntha njere za udzu, ndipo anapulumuka onse atatu, ngakhale aNankhoma anadwala kwambiri chaka chimenecho mpaka mano awo onse anaguluka. Kuyambira pamenepo mayiwo anasanduka olusa, ndipo dzina la mkamwini wawo sankalitchula popanda kulavula pansi.

Mu 1956, anthu atangomaliza kukolola, Katerina anali pasiteshoni ndi nthochi zake pamene munthu wina wonenepa, wa chipewa ndi nsapato zoyera, anatsika m'sitima n'kuima patsogolo pake.

"Nachisale," anatero munthuyo.

Katerina anayang'ana nkhope, sanaidziwe. Anayang'ana makutu, anawadziwa. Nsengwa inagwa, nthochi n'kumwazikana m'njanji.

Yakobo anabwera ndi sutikesi imodzi ndi kabokosi kamatabwa kolemera ngati mwala wa mphero. Amayi a m'mudzi anayamba kunong'onezana njira yonse kuti amenewo ndi makina osokera, Katerina watola mwayi, sadzathamangiranso sitima. Iyenso mumtima anali atayamba kale kudula madiresi. Atafika pakhonde, Yakobo anakanganula misomali, nachotsa masaka, n'kutulutsa chitsulo cha kamwa lalikulu kumwamba, mkono wopukusa kumbuyo, ndi nkhope ya timabowo kutsogolo.

"Singano yake ili kuti?" anafunsa Katerina.

"Sasoka amenewa. Ndi opera nyama."

"Kupera nyama? Nyamayo yalakwa chiyani?"

Amayi aja anabalalika mmodzimmodzi osatsanzika. Malinga ndi mwambo, aNankhoma sakanatha kuyang'anizana ndi mkamwini wawo, choncho anali ataima kuseri kwa nkhokwe. Mawu awo okha ndi amene anatuluka.

"Katerina, uwafunse alendowo. Zaka zonsezi akatitengera chitsulo chotafuna?"

Miyezi yotsatira inali yovuta. Munthu amene anabwererayu sanali Yakobo uja. Khasu linamutupitsa matuza tsiku loyamba lomwe. Akaitanidwa mwadzidzidzi ankadzuka n'kuima chilili manja kumbuyo, ndipo tsiku lina anayankha mkazi wake kuti "Yesi, madamu," mpaka Elizabeth, amene tsopano anali namwali wotomeredwa, anathawira kuseri kukaseka. Nthawi zambiri ankangokhala pansi pa mlambe, kuyang'ana mapiri a Dedza osalankhula. Katerina anaona kuti mwamunayu saseka. Ankatsitsimuka pokhapokha akamva mafuta akulira pamoto. Pamenepo ankazembera kukhitchini n'kuyamba kufunsa za mchere, ndipo amuna anzake akamuona ankagwedezana zigongono.

Tsiku lina, Katerina akupeta mpunga, Yakobo anadzakhala pambali pake.

"Nachisale, ndikufuna kusewera."

"Kusewera, munthu wa imvi?"

"Ee. Kwa bwana wanga kunkabwera mlendo wa ku Amereka, wogula fodya. Iyeyo anandiphunzitsa chakudya cha kwawo, dzina lake hambega. Umapera nyama, n'kuiumba ngati chitumbuwa, n'kuikazinga. Kenaka umaiika pakati pa kabuledi kong'amba, pamodzi ndi matimati ndi anyezi. Amadya ndi manja ngati ife."

"Ndiye?"

"Tawo timakhala tating'ono, tokwana m'dzanja. Ndinaphika tambirimbiri, ndikutiona tikupita kutebulo. Ine ndikufuna kuphika chimodzi chokha, chachikulu ngati lichero lako, choti mudzi wonse udye n'kulephera."

Katerina anasiya kupeta. Anafuna kukalipa, koma anaona kuti maso a mwamunayo akuwala ngati a mnyamata wa ku Golomoti uja.

"Nyama yake muipeza kuti? Mbuzi zanga musazikhudze."

Sanazikhudze. Anatenga jasi lake la ku Halale, lomwe kuno kuchigwa chotentha linalibe ntchito, n'kukasinthanitsa ndi mbuzi yofula kwa Che Mussa, msodzi amene ankawetanso mbuzi ndipo ndiye ankachinja nyama pa zochitika zonse kuti Asilamu nawo azidya. Anabwereka njinga kukagula ufa wa tirigu kusitolo ya mmwenye ku Golomoti. Anaboola chulu cha kuseri kwa nyumba n'kuchisandutsa uvuni, nadula zivundikiro ziwiri za migolo n'kuzikwecha ndi mchenga mpaka zinayera. Anapempha thovu la mowa wa masese kwa mayi wina wofulula. Aliyense amene anamufunsa anamuuza kuti abwere Loweruka, adzaone.

Loweruka m'mawa Katerina analowa m'nyumba kukatenga chikho. Pakona panali beseni lake lalikulu, momwe Yakobo anakandiramo ufa uja n'kuphimba ndi nsalu. Anakumbukira bwino kuti ufawo unali wosafika n'theka lomwe. Tsopano nsalu inali itatukuka pamwamba ngati mimba, ndipo ufa unali utayamba kukwawira pansi. Anaukhudza ndi chala. Unali wofunda, ndipo pamene anabonyapo panadzuka pang'onopang'ono. Anatuluka chambuyo akudzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Bambo a Eliza, chinthu chanu chija chili moyo!"

Yakobo anaomba m'manja. "Chafufuma! Ndiye kuti zayenda."

Dzuwa lisanakwere, bwalo linali litadzaza. Amuna anakhala pansi pa mlambe, amayi m'mbali mwa khonde, aNankhoma kumalo kwawo kuseri kwa nkhokwe. Che Mussa anachinja mbuzi moyang'ana kumpoto, naisenda bwinobwino. Mpaka apa zonse zinali monga mwa masiku onse. Anthu anayamba kudabwa pamene Yakobo, atavala chovala chake choyera cha ukhuki, anayamba kusadzula mnofu wokhawokha n'kumaponya mafupa pambali.

"AMbewe, mafupawo bwanji?" anafunsa bambo wina. "Msuzi uchokera kuti?"

"Chakudya ichi chilibe msuzi."

"Nanga tisunsa chiyani?"

"Palibe chosunsa."

Anthu anayang'anana. Yakobo anamangirira makina ake patsinde la mtengo wodulidwa, naponya nthuli m'kamwa mwa chitsulocho, n'kuyamba kupukusa. Poyamba kunangomveka kutafuna. Kenaka m'timabowo tija munayamba kutuluka tizingwe tofiira, tambirimbiri, tikupindikapindika n'kugwera m'mbale ngati nyongolotsi za mvula yoyamba.

Mayi wina anakuwa. Wina anaphimba nkhope ndi nsalu. Katerina anaumitsa khosi osathawa, pakuti bwalolo linali lake.

Masiku amenewo, a Chitaganya, kunali mphekesera zoopsa. Anthu ankanong'onezana kuti nyama ya m'zitini imene inkabwera m'masitolo si ya ng'ombe ayi, ndi ya anthu amene amasowa m'misewu, ndipo n'chifukwa chake ilibe fupa kapena chikopa choizindikirira. Palibe amene anaonapo, koma aliyense anali ndi msuweni amene anamva kwa wina. Mawu a aNankhoma anatulukira kuseri kwa nkhokwe, okweza kuti mudzi wonse umve.

"Katerina! Uwafunse alendowo. Chitsulo chimenecho, chisanabwere kuno, chinkatafuna ndani ku Halale?"

Bwalo lonse linayang'ana chitsulocho. Kenaka amene anali kutsogolo anayamba kufutuka chokhala, kukoka mphasa zawo. Yakobo anasiya kupukusa, kamwa lili yasa.

"Ng'ombe," anatero. "Ng'ombe ndi nkhosa basi. Amayi, mungandiganizire zoterozo?"

Che Mussa anapsa mtima. Ananyamula mutu wa mbuzi pa nyanga n'kuuzunguza pamaso pa anthu. "Walahi, inu anthu! Mbuzi iyi yabadwira m'khola mwanga. Ndaichinja ndekha inu mukuona. Chikopa ndi icho, ziboda ndi izi. Yasanduka munthu nthawi yanji?"

"Mbuzi taiona polowa," anayankha bambo uja wa msuzi. "Koma chatulukacho sitikuchidziwa."

Komabe palibe amene anachoka. Mantha anali aakulu, koma chidwi chinali chachikulu kuposa. Yakobo anapitiriza. Anathira mchere, tsabola ndi anyezi woduladula m'nyama ija. Kenaka anatenga mazira n'kuyamba kuwaswera momwemo. Apa amayi anakuwanso, pakuti aliyense ankadziwa kuti mkazi akadya mazira chiberekero chimatseka. Katerina anamugwira Elizabeth pamkono.

"Iwe, ukwati wako uli pafupi. Usalawe, wamva?"

Yakobo anakanda zonsezo pamodzi, naziunjika pa chivundikiro cha mgolo chopaka mafuta, n'kuziphwasa ndi zikhato mpaka zinadzaza chitsulo chonse, zochindikala ngati mkono wa munthu. Anaika pa mafuwa. Posakhalitsa mafuta anayamba kulira, ndipo fungo linakwera n'kufalikira bwalo lonse. Anthu amene anafutuka aja anayamba kumeza malovu mobisa. Agalu a midzi itatu anafika.

Vuto linabwera potembenuza. Chinyamacho chinali cholemera, ndipo mthiko uliwonse unkangochiboola. Yakobo anazungulira moto kawiri, thukuta lili kamukamu, kunsi kwayamba kununkha kupserera. Anayang'ana amuna anzake, onse anayang'ana kumbali.

"Nachisale, ndithandize."

Katerina sanadziwe chimene chinamudzutsa. Anakulunga manja ndi masaka, navundikira chinyamacho ndi chivundikiro chachiwiri, iye kugwira uku, mwamuna wake uko.

"Ndikati tiye, titembenuze," anatero Yakobo. "Tiye!"

Mafuta otentha anadontha pamoto, lawi linalumpha mpaka kuwaula nsidze za Yakobo, anthu anakuwa, koma chinthucho chinatera bwino, chathunthu, chofiirira ngati mphika wongotuluka m'ng'anjo. Kwa nthawi yoyamba chibwerere, Katerina anamumva mwamuna wake akuseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, nsidze zilibe.

Buledi anatuluka m'chulu ali wotupa, wofiira pamwamba, waukulu kuposa lichero. Yakobo anamung'amba pakati ndi chikwanje chotsuka. Anayala masamba a nthochi pamphasa, naika theka lapansi, kenaka awiriwo anatsetsereza chinyama chija pamwamba pake. Anayalapo matimati aawisi ndi anyezi wamuwisi.

"Osaphika?" anafunsa mayi wina. "Kodi ife ndife mbuzi?"

Anavundikira ndi theka linalo. Chinaima pakati pa bwalo, chachitali kufika m'maondo mwa mwana, mafuta akuchucha m'mbali, nthunzi ikutuluka. Palibe amene anaonapo chinthu chotero. Nyama ndi ufa zinali zitalowana, ndiwo ili m'kati mwa chodyera chake, popanda mbale ya amuna kapena ya akazi.

Yakobo anadula chigawo choyamba, chosongoka ngati mutu wa nkhwangwa, n'kupita nacho kwa bambo wamkulu pa onse atagwada. Bamboyo anathokoza, nati m'mimba simuli bwino kuyambira dzulo. Wachiwiri anati wangodya kumene. Wachitatu anangoyang'ana kumwamba kwa mlambe. Che Mussa, amene anakalipa uja, anati iye wochinja sayamba kudya, ndi mwambo wa kwawo, ngakhale palibe amene anaumvapo mwambo umenewo. Yakobo anazungulira bwalo lonse ndi chigawo chake m'manja, kuseka kuja kukuzima pang'onopang'ono, mpaka anafika pa mkazi wake.

Katerina anafunitsitsa kulandira. Anatambasula dzanja, koma atayang'ana nyamayo anakumbukira tizingwe tofiira tija. Dzanja linaima m'malere. Anaona mapewa a mwamuna wake akugwa, manja akuyamba kubwerera kumbuyo monga ankaimira kwa azungu, ndipo anachita manyazi amene sanawamvepo ngakhale pa zaka za utchona.

Pamenepo kunamveka ndodo ikugunda pansi. ANankhoma anatuluka kuseri kwa nkhokwe, nadutsa pakati pa bwalo, n'kudzaima maso ndi maso ndi mkamwini wawo. Amayi anagwira pakamwa. Yakobo anafuna kuthawira kuseri monga mwa ulemu, koma ndodo inamutsekera njira.

"Ima pomwepo. Wati mulibe fupa?"

"Mulibe, amayi."

"Mtsempha?"

"Mulibenso."

"Bweretsa kuno. Ngati ndi munthu, ndimuzindikira ndine."

"Amayi!" anakuwa Katerina. "Pamaso pa akamwini?"

Nkhalambayo inakhala pansi pomwepo, miyendo tambalale, nilandira chigawocho ndi manja awiri. Inatsina kanyama, n'kukaika pa usinini. Inayendetsa chibwano. Bwalo lonse linkayang'ana chibwano chimenecho. Inameza. Inatsinanso china chachikulu, kenaka inasiya zotsina n'kulowetsa kamwa lonse. Mafuta anatsika m'zigongono. Katerina anaona misozi ikuyenda m'makwinya a mayi ake ndipo anathamangira pafupi, poganiza kuti atsamwa.

"Ndisiye," anatero aNankhoma, m'kamwa muli tho. "Ndi mbuzi. Mbuzi yeniyeni. Chichokereni mano anga, inu mumadya nyama ine n'kumanyambita msuzi ngati mphaka. Pa Khirisimasi msuzi, pamaliro msuzi. Ndinkati ndidzafa osatafunanso." Anatembenukira kwa Yakobo, namuyang'ana m'maso. "Iwe, dula china."

Chimene chinachitika pambuyo pake Katerina sanachiiwale moyo wake wonse. Nkhalamba zonse za m'mudzimo, zimene zinali zitakhala kumbuyo mwakachetechete, zinadzuka. Agogo amene ankayenda mochita kugwiriziza anafika pamphasa msanga kuposa anyamata. Bambo wamkulu uja m'mimba mwake munachira mwadzidzidzi. Mayi wina wakhungu anatsogozedwa ndi fungo lokha. Anazungulira chinthucho, amuna ndi akazi pamphasa imodzi, Akhristu ndi Asilamu, akukankhana zigongono, akulamula Yakobo kuti adule mokulirapo. Matimati ndi anyezi ankazisolola n'kuponyera nkhuku, koma nyama ndi buledi wofewayo sizinaone dzuwa. Achinyamata, poona kuti palibe amene wagwa, anayamba kuyandikira, koma ndodo za agogo zinawabweza.

"Inu muli ndi mano, kaphikeni mafupa!"

Ndipo anakaphikadi mafupa, pamodzi ndi mutu ndi zam'kati. Che Mussa anapulumutsa kachigawo kamodzi, nakadya ataima patali, akupukusa mutu ndi kung'ung'udza kuti mbuzi yake yathera m'kamwa mwa anthu opanda mano. Yakobo anatsala ndi khoko la buledi lonyowa mafuta. Analigawa pakati, napatsa mkazi wake theka. Katerina anatafuna mosamala. Linali lokoma ndithu, koma nyama yeniyeniyo sanailawe tsiku limenelo, ndipo ngakhale pambuyo pake sanaikonde. Ankati nyama imene sunalimbane nayo siikhala m'mimba.

ANankhoma sanabwererenso kuseri kwa nkhokwe. Achibale atawakumbutsa kuti mkamwini ayenera kupereka nkhuku kaye asanayambe kulankhulana ndi apongozi, iwo anati mbuzi yathunthu yaposa nkhuku. Kulusa sanasiye, koma tsopano ankamukalipira Yakobo pamaso, ndipo nthawi zambiri ankamukalipira chifukwa chochedwa kupera. Mbiri inafika ku Mua ndi ku Golomoti. Kukakhala ukwati kapena sadaka, eni ake ankatuma uthenga kuti aMbewe abwere ndi chitsulo chawo, kuti okalamba nawo adye. Yakobo ankapita wapansi, atamangirira chitsulocho kumsana, n'kubwerera ndi mwendo wa mbuzi kapena nsengwa ya mpunga. Kulima sanakuzolowere mpaka imfa yake. Mizere yake inkakhota, ndipo Katerina ankaibwereza iye akapita kukamwa madzi.

Elizabeth anakwatiwa chaka chomwe bambo ake anabwera, mvula isanagwe. Chaka chotsatira anabwera kwa mayi ake mwamanyazi kudzanena kuti ali ndi pakati. Anawapeza atakhala pakhonde, akudya dothi la pachulu ndi bwemba wosapsa. Anayang'ana dothilo, anayang'ana m'chiuno mwa mayi ake, n'kukhala pansi mwadzidzidzi.

"Amayi, inunso?"

"Usakuwe, anthu angamve."

"Pa msinkhu wanuwu? Ndiye ana athu aziitanana chiyani?"

"Wako azidzati malume, kapena mayi aang'ono. Chavuta n'chiyani?"

Ana anabadwa mwezi umodzi, onse aamuna. Wa Katerina anamutcha Ezekiele. Tsiku la ubatizo litayandikira, Yakobo anayamba kuzungulirazungulira chulu chija, akuchiyeza ndi mikono, n'kumanena kuti ulendo uno akufuna mbuzi ziwiri ndi chitseko chonyamulira. Katerina, mwana ali kubere, anamuuza kuti mtima wake sungapirirenso zoterozo. Anaphika mpunga ndi nkhuku, ndipo anapita ku Mua wapansi m'mawa kusanatenthe, mayi ndi mwana wake aliyense ndi khanda kumsana, Yakobo akutsatira pambuyo ndi ambulera.